Dhirendranath Datta ndi kumenyera Chibengali: mafunso ndi mayankho

Chaka chilichonse pa 21 Febuluwale mayiko amakumbukira ziyankhulo zimene anthu amabadwa nazo. Ambiri anamvapo kuti tsikuli linachokera ku Dhaka, likulu la dziko la Bangladesh lero, komwe apolisi anawombera ophunzira mu 1952. Amene amatchulidwa mwa apo ndi apo ndi a Dhirendranath Datta, bambo wa zaka 61, loya wa m'tawuni ya Comilla, yemwe kudakali zaka zinayi magazi asanakhetsedwe anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ya Pakistan ku Karachi n'kupempha kuti Chibengali chiziloledwa kuyankhulidwa m'nyumbamo. Mafunso ali m'munsimu akukhudza moyo wa bambo ameneyu komanso mkangano womwe anaulowetsa m'nyumbayo.

Kodi a Dhirendranath Datta anali ndani?

Anabadwa pa 2 Novembala 1886 m'mudzi wa Ramrail, kufupi ndi tawuni ya Brahmanbaria, kum'mawa kwa Bengal. Lero derali lili m'dziko la Bangladesh, koma panthawiyo linali mbali ya India wolamulidwa ndi Angerezi. Banja lawo linali lachipembedzo cha Chihindu, m'chigawo chomwe anthu ambiri anali Asilamu.

Maphunziro apamwamba anachitira ku Ripon College mumzinda wa Calcutta. Digiri yoyamba anatenga mu 1908, ya zamalamulo mu 1910, ndipo mu 1911 anayamba ntchito ya uloya ku Comilla. Tawuni imeneyi ndiyo inasanduka kwawo kwa zaka 60, mpaka usiku umene asilikali anadzawatulutsa m'nyumba.

Analowa bwanji ndale?

Zinayamba adakali pasukulu. Mu 1905 Lord Curzon, yemwe ankalamulira India m'malo mwa mfumu ya ku Britain, anadula Bengal pakati, ndipo Abengali ambiri anaona kuti cholinga chake chinali kuwafooketsa powagawanitsa potengera zipembedzo. Mmodzi mwa atsogoleri otsutsa kugawako anali Surendranath Banerjee, yemwenso ndi amene anakhazikitsa Ripon College. Choncho mnyamata wa ku Ramrail uja ankaphunzira pamalo pomwe moto unkayakira. Anthu ananyanyala nsalu ndi katundu wa ku Britain, ndipo mu 1911 boma linabweza ganizo lake.

A Datta analowa chipani cha Indian National Congress n'kutsata njira ya Gandhi yolimbana ndi atsamunda popanda zida. Anamangidwa kangapo, kuphatikizapo mu 1942 pamene Congress inauza Angerezi kuti atuluke m'India. Mu 1946 anapambana mpando wa uphungu m'Nyumba ya Malamulo ya Bengal. Chaka chotsatira India anagawidwa, Bengal naye anadulidwanso pakati, Comilla n'kugwera mbali ya Pakistan. Umu ndi mmene munthu wa Congress, chipani chomwe sichinkafuna kuti Pakistan akhaleko, anapezekera m'nyumba yomwe inapatsidwa ntchito yolemba malamulo oyendetsera dziko latsopanolo. Analowamo ngati phungu wa mbali yotsutsa, mmodzi mwa kagulu kochepa ka Ahindu ochokera kum'mawa.

N'chifukwa chiyani chiyankhulo chinasanduka nkhani yoyambanitsa anthu ku Pakistan?

Pakistan wa 1947 anali zigawo ziwiri zosagundana, pakati pake pali mtunda wa makilomita oposa 1,600 a dziko la India. Likulu linali ku Karachi, kumadzulo. Anthu ochuluka anali kum'mawa, ndipo pafupifupi onsewo ankayankhula Chibengali. Ndalama zakunja zambiri zinkabwera chifukwa cha mbewu ya jute, yomwe ulusi wake amapangira masaka, ndipo mbewuyi inkalimidwa kum'mawa komweko. Komabe maudindo akuluakulu m'boma ndi m'gulu la asilikali anali m'manja mwa anthu akumadzulo komanso oyankhula Chiurdu omwe anasamuka kumpoto kwa India.

Dziko litangobadwa, Abengali anaona kuti pa ndalama, pa masitampa ndi pa mafomu a ku positi ofesi panali Chiurdu ndi Chingerezi basi. Bungwe lolemba anthu ntchito m'boma linachotsa Chibengali pa mndandanda wa maphunziro ovomerezeka pa mayeso ake. Mu Novembala 1947 msonkhano wa zamaphunziro ku Karachi unakomera Chiurdu kuti ndicho chikhale chiyankhulo cholumikiza dziko. Wachinyamata wa ku Dhaka sanasowe womumasulira tanthauzo la zonsezi: pa mpikisano wa ntchito za boma azidzayambira kumbuyo, akulimbana ndi chiyankhulo chachilendo pamene mnzake akulemba m'chiyankhulo cha kwawo.

Chomwe chinkapweteka kwambiri n'chakuti Chibengali sichinali chiyankhulo chosowa mabuku. Chinalembedwa kwa zaka mazana ambiri. Rabindranath Tagore analandira mphotho ya Nobel mu 1913, ndipo ndakatulo za Kazi Nazrul Islam, Msilamu, zinali pakamwa pa aliyense.

Nanga atsogoleri a dzikolo ankakakamiriranji Chiurdu?

Sibwino kuwaona ngati anthu opanda nzeru, chifukwa mantha awo anali ndi pochokera. Kumpoto kwa India, kuyambira m'zaka za m'ma 1800, Ahindu ndi Asilamu ankakangana pa nkhani ya Chihindi ndi Chiurdu, ndipo Chiurdu, chomwe chimalembedwa ndi zilembo zochokera ku Chiarabu ndi Chiperisiya, chinasanduka chizindikiro cha Usilamu. Atsogoleri a Muslim League, chipani chomwe chinamenyera kuti Pakistan akhaleko, anakulira mumkangano umenewo. Atapeza dziko la zidutswa ziwiri, lokhala ndi Apunjabi, Asindhi, Apashtun, Abaloch ndi Abengali, ankakhulupirira kuti popanda chiyankhulo chimodzi dzikolo lidzasweka.

Kumene analakwitsa ndi poganiza kuti Chibengali n'chiyankhulo cha Ahindu, chifukwa cha zilembo zake komanso mawu ake ambiri ochokera ku Sanskrit, chiyankhulo chakale cha mabuku opatulika a Chihindu. Mlimi wachisilamu wa ku Mymensingh kapena ku Barisal ankapemphera m'Chiarabu, inde, koma ankalima, kugula, kulira maliro ndi kutonthoza mwana m'Chibengali. Iye sankaona kutsutsana kulikonse pakati pa chikhulupiriro chake ndi lilime lake. Boma linafika mpaka poyesa kuti Chibengali chizilembedwa ndi zilembo za Chiarabu, ganizo lomwe nduna ya zamaphunziro, Fazlur Rahman, inkalimbikitsa ngakhale kuti nayonso inali Mbengali. Katswiri wa ziyankhulo Muhammad Shahidullah, Msilamu wopemphera kwambiri, anali mmodzi mwa amene anakana zimenezi poyera. Tisaiwalenso kuti Chiurducho chinali chobadwa nacho kwa anthu ochepa kwambiri m'Pakistan yense, ngakhale kumadzulo komweko.

Kodi a Datta anapempha chiyani kwenikweni pa 25 Febuluwale 1948?

Nyumbayo inkakambirana malamulo a kayendetsedwe ka zokambirana zake. Lamulo lomwe linabwera linkati phungu aziyankhula m'Chingerezi kapena m'Chiurdu. A Datta anapempha kuti pamenepo awonjezerepo Chibengali. Pempho lolembedwalo linali lomwelo basi. Sananene kuti Chiurdu chichoke, sanatchule zogawa dziko.

Pofotokoza zifukwa zawo, m'Chingerezi, anayamba n'kutsimikizira nyumbayo kuti sakuyankhula ndi mtima wokondera chigawo chawo. Kenako anapereka chiwerengero: mwa anthu 69 miliyoni a m'Pakistan, 44 miliyoni amayankhula Chibengali. Ngati dziko likufuna chiyankhulo cha boma, anatero, chiyenera kukhala chimene anthu ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo n'kulakwa kuchitenga Chibengali ngati chiyankhulo cha chigawo chimodzi chabe.

Koma mbali ya mawu awo yomwe ili ndi mphamvu mpaka lero si ya manambala. Anauza aphunguwo za mlimi wosauka yemwe mwana wake ali pa yunivesite ya Dhaka. Bamboyo wapeza kandalama, wapita ku positi ofesi ya kumudzi kuti amutumizire mwanayo, ndipo fomu yomwe wapatsidwa ndi ya Chiurdu ndi Chingerezi. Sangathe kuiwerenga. Ayenera kuyenda mtunda kukasaka munthu womumasulira, kuti ndalama yake yomwe ifike kwa mwana wake yemwe. Anatchulanso mlimi wofuna kugulitsa kapena kugula malo, yemwe amagula pepala la sitampa la boma osadziwa ngati mtengo wolembedwapo ndi womwe walipira.

Apa m'pamene pakuoneka zaka zoposa 30 zimene anakhala akuimira anthu akumudzi m'makhoti a ku Comilla. Akanatha kuyankhula za Tagore ndi ulemerero wa mabuku a Chibengali, ndipo palibe akanawatsutsa. Iwo anasankha kuyankhula za fomu. Ankadziwa kuti munthu wamba amakumana ndi boma pa windo la ofesi, ndipo ngati pepala la pawindopo sakulimva, ndiye kuti ufulu wodzilamulira womwe anauvinira miyezi isanu ndi umodzi yapitayo sunamufikebe. Kwa ine, apa ndiye pagona kufunika kwa a Datta: anaonetsa kuti nkhani ya chiyankhulo ndi nkhani ya ndalama, malo, ntchito ndi ulemu wa munthu wosauka, osati zokonda za anthu ophunzira okha.

Anayankhidwa bwanji?

Mwaukali. Nduna yaikulu, Liaquat Ali Khan, inati poyamba inkaganiza kuti pempholo n'losalakwa, koma yazindikira kuti cholinga chake n'kugawanitsa anthu a Pakistan ndi kulanda Asilamu chingwe chowamanga pamodzi. Inatinso Pakistan anakhazikitsidwa chifukwa cha Asilamu 100 miliyoni a m'chigawo chonse cha India, ndipo chiyankhulo chawo ndi Chiurdu. Khawaja Nazimuddin, yemwe ankatsogolera boma la East Bengal, chigawo cha kum'mawa chija chomwe lero ndi Bangladesh, anauza nyumbayo kuti anthu ambiri a m'chigawo chake akufuna Chiurdu. Nazimuddin anali wa m'banja lachifumu la ku Dhaka lomwe pakhomo pake linkayankhula Chiurdu.

Amene anaima ndi a Datta anali anzawo a Congress: Prem Hari Barman, Bhupendra Kumar Datta ndi Sris Chandra Chattopadhyay. Aphungu achisilamu a ku Bengal, omwe Chibengali chinali chawo chobadwa nacho, anatsata chipani chawo cha Muslim League. Pempholo linagwa.

Yankho la Liaquat liyenera kuliyang'anitsitsa. Silinakhudze mlimi uja ngakhale pang'ono. M'malo moyankha mfundo, linaloza munthu woibweretsayo: Mhindu, wa Congress, ndiye kuti ali ndi kampeni kumphasa. Njira imeneyi boma linaigwiritsa ntchito zaka zonse zotsatira, kunena kuti omenyera Chibengali akutumidwa ndi India, Ahindu kapena achikomyunizimu. A Datta ankadziwa bwino lomwe kuti adzaonedwa motero. Munthu wa kagulu kochepa, m'dziko lomwe langobadwa pakati pa kuphana kwa zipembedzo, anali ndi zifukwa zokwanira zokhalira chete.

Ndiye tinene kuti iwo ndi amene anayambitsa nkhondo yomenyera Chibengali?

Ayi, ndipo kunena choncho n'kulanda ena ulemu wawo. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pakistan asanabadwe n'komwe, olemba nkhani ndi aphunzitsi anali atayamba kale kutsutsana za chiyankhulo m'manyuzipepala. Mu Sepitembala 1947 Abul Kashem, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya Dhaka, anakhazikitsa gulu la Tamaddun Majlish, lomwe linali lachisilamu ndithu, ndipo linasindikiza kabuku kofuna kuti Chibengali chikhale chiyankhulo cha boma. Pofika Disembala ophunzira anali atachita kale zionetsero.

Chimene a Datta anachita, chomwe wina aliyense anali asanachite, ndi kutenga dandaulo la m'makalasi ndi m'misewu n'kukaliika pamaso pa olamulira, m'nyumba yomwe mawu ake amalembedwa. Boma linakakamizika kuyankha, ndipo yankho lake aliyense analimva. Zokayikira zinatha tsiku limenelo. Anthu a ku Dhaka anadziwa maganizo enieni a Karachi, anadziwanso kuti aphungu awo sanawayankhulire.

Chinachitika n'chiyani pempholo litakanidwa?

Mawa lake lomwe ophunzira a ku Dhaka ananyanyala makalasi. Pa 2 Malichi magulu osiyanasiyana anapanga komiti imodzi yotsogolera nkhondoyi, ndipo pa 11 Malichi 1948 kunachitika sitiraka yaikulu. Apolisi anamenya anthu n'kumanga atsogoleri achinyamata, mwa iwo Shamsul Huq, Oli Ahad ndi wophunzira zamalamulo wina dzina lake Sheikh Mujibur Rahman. Pa 15 Malichi Nazimuddin anasainirana pangano ndi ophunzirawo, makamaka pofuna kuti mumzinda mukhale bata chifukwa Muhammad Ali Jinnah anali pafupi kufika.

Jinnah, tate wa dzikolo, anayankhula kwa khamu la anthu pa bwalo la Racecourse pa 21 Malichi. Ananena kuti anthu a chigawocho angasankhe chiyankhulo choyendetsera chigawo chawo, koma chiyankhulo cha boma la Pakistan chidzakhala Chiurdu, palibenso china, ndipo aliyense wosocheretsa anthu pa nkhaniyi ndi mdani wa dziko. Mawuwa anawanena m'Chingerezi. Pa 24 Malichi anawabwereza pa mwambo wopereka madigiri ku Curzon Hall, ndipo ophunzira ena anafuula kukana, chinthu chomwe chinali chosayerekezeka pamaso pa munthu wolemekezeka chotero. Jinnah anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho, nkhaniyo n'kuzizira pamwamba koma pansi ikunyeka.

Nanga pa 21 Febuluwale 1952 panachitika zotani?

Liaquat Ali Khan ataphedwa ku Rawalpindi mu Okutobala 1951, Nazimuddin ndiye anakhala nduna yaikulu ya Pakistan. Pa 27 Januwale 1952, ali ku Dhaka, anabwereza mawu a Jinnah aja. Ophunzira ndi andale anakonza zionetsero za pa 21 Febuluwale, tsiku lomwe Nyumba ya Malamulo ya chigawocho inkakumana. Boma la Nurul Amin linaletsa misonkhano pogwiritsa ntchito gawo 144 la malamulo, lomwe linatsala kuchokera kwa atsamunda.

Ophunzirawo anagwirizana zophwanya chiletsocho potuluka pa geti la yunivesite m'timagulu ting'onoting'ono. Apolisi anamanga ambiri n'kuponya utsi wokhetsa misozi. Chakumasana, pafupi ndi malo ogona a ophunzira zaudokotala a Dhaka Medical College, anawombera zipolopolo zenizeni. Rafiq Uddin Ahmed anafera pomwepo. Abul Barkat ndi Abdul Jabbar anamwalira usiku womwewo, pomwe Abdus Salam, yemwe anali mesenjala mu ofesi ya boma, anamwalira ndi mabala ake mu Epulo. Mawa lake anthu enanso anaphedwa, mmodzi mwa iwo Shafiur Rahman, kalaliki wa ku khoti. Onse otchulidwawa anali Asilamu, ndipo bodza lija loti nkhaniyi ndi ya Ahindu linavuta kuliikira kumbuyo kuchokera pamenepo, ngakhale boma linapitiriza kulinena.

Usiku wa pa 23 Febuluwale ophunzira anamanga chipilala cha njerwa pamalopo. Apolisi anachigwetsa pa 26. Chipilala chachikulu cha Shaheed Minar chomwe chimaoneka pa zithunzi lero chinatsegulidwa mu 1963, asilikali anachiphwanya mu 1971, ndipo chinamangidwanso dziko litapeza ufulu.

Kodi Chibengali chinavomerezedwa a Datta akadali moyo?

Inde. Pa chisankho cha chigawo cha 1954, mgwirizano wa zipani wa United Front, wotsogozedwa ndi A. K. Fazlul Huq, Huseyn Shaheed Suhrawardy ndi Maulana Bhashani, unagonjetsa Muslim League kotheratu, moti Nurul Amin anataya mpando wake kwa mtsogoleri wa ophunzira. Mfundo yoyamba pa mfundo 21 za mgwirizanowo inali ya Chibengali. Mu Meyi chaka chomwecho nyumba ya ku Karachi inavomereza, ndipo malamulo oyendetsera dziko omwe anayamba kugwira ntchito pa 23 Malichi 1956 ananena kuti ziyankhulo za boma ndi Chiurdu ndi Chibengali. Panatenga zaka 8 ndi miyoyo ya anthu kuti boma lipereke zoposa zimene a Datta anapempha mwaulemu tsiku lija.

Iwo anapambananso uphungu mu 1954, ndipo kuyambira mu Sepitembala 1956 anali nduna ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu m'boma la East Pakistan (dzina latsopano la East Bengal) lotsogozedwa ndi Ataur Rahman Khan. M'zaka zimenezi ankalimbikitsa kuti Ahindu ndi Asilamu azivota pa kaundula mmodzi, m'malo mwa dongosolo lakale loti chipembedzo chilichonse chizisankha aphungu akeake. Dongosolo lakalelo linkatsimikizira Ahindu mipando yawo, koma a Datta ankaona kuti limawasandutsa alendo m'dziko lawo. Unduna wawo unatha pa 7 Okutobala 1958 pamene ulamuliro wa asilikali unalengezedwa, mkulu wa asilikali Ayub Khan n'kutenga dziko. Andale akale ambiri analetsedwa kuchita ndale, ndipo a Datta anabwerera ku Comilla.

Bwanji sanasamukire ku India monga anachitira Ahindu ena ambiri?

Mwayi unalipo tsiku lililonse. Comilla ili pafupi kwambiri ndi malire a chigawo cha Tripura cha ku India. Anzawo ambiri ananyamuka. Kiran Shankar Roy, yemwe ankatsogolera aphungu a Congress, anapita ku Calcutta mu 1948 n'kukakhala nduna kumeneko. Jogendra Nath Mandal, yemwe anali nduna ya zamalamulo m'boma la Pakistan, anatula pansi udindo mu 1950, Ahindu ambiri ataphedwa pa zipolowe za chaka chimenecho, nayenso n'kupita ku India. Zipolowe zinabukanso mu 1964. Pa nkhondo ya India ndi Pakistan ya 1965, Ahindu ankaonedwa ngati akazitape, katundu wa amene anathawa ankalandidwa ngati wa adani, ndipo a Datta, ali ndi zaka pafupifupi 80, anatsekeredwa pakhomo pawo.

Palibe chifukwa choweruzira amene anathawa, pakuti ankapulumutsa ana awo. Koma kukhala kwa a Datta kumagwirizana ndi zonse zimene ankanena. Munthu amene ankauza boma kuti nzika isayezedwe ndi chipembedzo chake, akanachoka, akanatsimikizira mawu a Liaquat akuti mtima wake uli kutsidya. Ahindu osauka, asodzi, oluka nsalu ndi alimi, analibe kothawira kwabwino, ndipo mtsogoleri aliyense wochoka ankawasiya opanda wowayankhulira.

Anamwalira bwanji?

Pa chisankho cha Disembala 1970 chipani cha Awami League cha Sheikh Mujibur Rahman chinapambana mipando 160 mwa 162 ya kum'mawa, zomwe zinali zokwanira kulamulira Pakistan yense. Boma la asilikali la Yahya Khan linakana kupereka mphamvu. Usiku wa pa 25 Malichi 1971 asilikali anayamba kupha anthu ku Dhaka, kuyambira ku yunivesite, ku malo a apolisi ndi m'madera okhala Ahindu.

Pa 29 Malichi usiku anafika pa nyumba ya a Datta, pafupi ndi dziwe lalikulu la Dharmasagar ku Comilla. Anatenga nkhalamba ya zaka 84 pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna, Dilip Kumar Datta, n'kupita nawo ku kampu ya asilikali ya Mainamati. Kumeneko anazunzidwa koopsa. Munthu wina yemwe ankameta tsitsi pakampupo ndi amene anadzachitira umboni pambuyo pake za mmene anawaonera atathyoledwa, akulephera kuyenda. Onse awiri anafera m'manja mwa asilikali, ndipo mitembo yawo sinapezeke. Banja silinaike maliro.

Panthawiyi n'kuti a Datta atasiya ndale za pabwalo kwa zaka zoposa khumi. Analibe gulu lankhondo kapena udindo. Kuti asilikali anawapita m'masiku anayi oyambirira enieniwo, zikusonyeza kuti dzina lawo linali lisanaiwalike kwa olamulira. Bangladesh anapeza ufulu pa 16 Disembala chaka chomwecho, iwo kulibe.

Amakumbukiridwa bwanji ku Bangladesh lero?

Mu 1997 boma linawapatsa mphotho ya Independence Day Award, yomwe ndi ulemu waukulu kwambiri woperekedwa kwa munthu wamba m'dzikolo. Bwalo lamasewero la ku Comilla limatchedwa dzina lawo, chimodzimodzinso nyumba ina yogona ophunzira pa yunivesite ya mumzindawo. Mdzukulu wawo, Aroma Dutta, yemwe anali m'nyumbamo usiku umene anatengedwa, wakhala akufotokoza nkhaniyi kwa zaka zambiri ndipo anadzakhalanso phungu.

Ngakhale zili choncho, ulemuwo unachedwa zaka 26, ndipo pa 21 Febuluwale mayina omwe amamveka ndi a anyamata a 1952. Iwo ndi oyeneradi kutchulidwa. Chodandaulitsa n'chakuti tsiku la 25 Febuluwale limangodutsa mwakachetechete, pamene m'pomwe boma linafunsidwa koyamba pamaso n'kukana.

Kodi tsiku la 21 Febuluwale linakhala bwanji la dziko lonse lapansi, ndipo ife likutikhudza pati?

Abengali awiri okhala ku Vancouver m'dziko la Canada, Rafiqul Islam ndi Abdus Salam (wina, osati uja wa 1952), ndi amene anayambitsa ganizoli polembera bungwe la United Nations. Boma la Bangladesh linalipereka ku UNESCO, yomwe inavomereza pa 17 Novembala 1999, ndipo tsikuli linakumbukiridwa koyamba mu 2000. Mayiko athu ndi mamembala a UNESCO, choncho tsikuli ndi lathunso.

Ife oyankhula Chichewa tiyenera kuiwerenga nkhaniyi mosadzikondera. Ku Malawi mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu, ndipo chinadzabwerera pa wailesi mu 1994. Chifukwa chomwe chinaperekedwa chinali umodzi wa dziko, chofanana ndi cha ku Karachi. Mbiri ziwirizi sizofanana m'zonse, koma amene anaona chiyankhulo chake chikuzimitsidwa pa wailesi angawamvetse a Datta msanga kuposa ife.

Kodi Bangladesh atapeza ufulu, nkhani ya chiyankhulo inatheratu?

Sinathe. Malamulo oyendetsera dziko a 1972 amanena kuti chiyankhulo cha boma ndi Chibengali, koma maofesi ambiri anapitiriza kulemba m'Chingerezi, mpaka mu 1987 panakhazikitsidwa lamulo lokakamiza kuti makalata a boma ndi zochitika m'makhoti zizikhala m'Chibengali. M'makhoti akuluakulu, zigamulo zambiri zakhala zikulembedwabe m'Chingerezi, moti mwini mlandu amadalira loya kuti amuuze ngati wapambana. Mabanja opeza bwino ku Dhaka amatumiza ana awo ku sukulu zophunzitsa m'Chingerezi.

Palinso anthu omwe Chibengali chinawakhalira monga Chiurdu chinakhalira kwa Abengali. M'mapiri a Chittagong Hill Tracts muli mitundu monga Chakma, Marma ndi Tripura, ndipo kumpoto kuli Garo ndi Santal. Ana awo akhala akuyamba sukulu m'chiyankhulo chomwe sachimva. Mu 2017 m'pamene boma linayamba kugawa mabuku a ana oyamba sukulu m'ziyankhulo zisanu za mitundu ing'onoing'ono, ndipo vuto lomwe latsala ndi kusowa kwa aphunzitsi odziwa kuwerenga zilembo zake. Oyankhula Chiurdu omwe anatsalira m'dzikolo nkhondo yomenyera ufulu ya 1971 itatha anakhala m'makampu monga Geneva Camp ku Dhaka kwa zaka zoposa 30 opanda dziko lowavomera, kufikira khoti lalikulu litagamula mu 2008 kuti amene anabadwira m'Bangladesh, kapena anali ana panthawi ya nkhondo, ndi nzika ndipo ali ndi ufulu wovota.